Ditekita yopepuka ya analogi yosakira zamakedzana: ndisankhe yotani?

Wowerenga wina watilembera motere: "Ndine bambo wa zaka zopitirira 60. Ndakhala ndikusaka zinthu zamakedzana m'mabwinja ndi m'minda yakale pogwiritsa ntchito ditekita (makina osakira zitsulo pansi) ya sikirini yomwe ndinabwereka. Ndikaigwira ola limodzi chigongono chimayamba kuwawa, komanso manambala a pa sikirini amangodumphadumpha, moti sindidziwa pokumba ndi posiya. Anzanga ena akuti ndigule ya analogi, ija ya manobu okhaokha yopanda sikirini, poti ndi yopepuka. Ena akuti imeneyo ndi yachikale, ndingotaya ndalama. Malo omwe ndimasaka ndi a dothi lofiira ndipo misomali yadzimbiri ili mbwee. Kodi ndisankhe yotani, nanga pogula ndiyang'ane chiyani?"

Bambo, mtima ukhale m'malo. Anzanu omwe akuti mugule ya analogi sakukusokeretsani. Pa bwinja lodzaza misomali, makina a manobu opangidwa bwino amachitabe ntchito yomwe makina ambiri a sikirini otsika mtengo saifika, ndipo ena mwa iwo ndi opepukadi. Koma chomwe chandigwira mtima m'kalata yanu ndi dothi lofiiralo. Limenelo ndilo lidzagamula ngati makina omwe mugule akuthandizeni kapena akukhumudwitseni, chifukwa pali makina a analogi opepuka, otchuka, omwe pa dothi lotero amasanduka ogontha. Ndiye tiyambe ndi momwe makinawa amagwirira ntchito, kenako dothi, kulemera tikufika pambuyo.

Makina ambiri osakira zitsulo, a sikirini ndi a manobu omwe, ndi amtundu wotchedwa VLF. Mkati mwa koyilo, mbale ija yoyendetsa pamwamba pa nthaka, muli mawaya awiri okulungizidwa. Wina amatumiza mphamvu ya maginito pansi, winayo amamvetsera. Mphamvuyo ikapeza chitsulo imayambitsa timagetsi tozungulira mkati mwake, ndipo chizindikiro chomwe chimabwerera chimachedwerako pang'ono poyerekeza ndi chomwe chinatumizidwa. Msomali umachedwetsa mwa mtundu wake, mtovu mwa mtundu wake, siliva mwa mtundu wakenso. Makina a sikirini amapereka chizindikirocho kwa kakompyuta ka mkati kuti kachisandutse nambala ndi kulira kokonzedweratu. Makina a analogi amachiyendetsa m'madera a magetsi wamba n'kuchipereka ku khutu lanu pafupifupi momwe chabwerera.

Kudumphadumpha kwa manambala komwe mukudandaula sikutanthauza kuti makina omwe munabwerekawo ndi owonongeka. Pansi pa koyilo pakakhala batani la mkuwa ndi misomali iwiri nthawi imodzi, makina amaona zitatuzo ngati chinthu chimodzi ndipo amapereka nambala yosakaniza, yomwe imasintha malinga ndi mbali yomwe koyilo yachokera. Chinthu chikakhala chakuya, kapena dothi likakhala la ayironi wambiri, nambalayo imasokonekeranso. Ya analogi sithetsa vutoli. Chomwe imachita ndi kukumvetsani zambiri pa kulira kumodzi: kutalika kwake, momwe kukuyambira ndi momwe kukuthera, ngati kuli kosalala kapena kothethereka. Chinthu chozungulira cha mkuwa kapena mtovu chimalira mofupika, modzaza, ndipo chimabwereza chimodzimodzi mukayendetsa koyilo uku ndi uku. Msomali wopindika umalira moduka, mwina mbali imodzi yokha, ndipo mukazungulira n'kuudutsa kuchokera mbali ina umasintha kapena kukhala chete. Khutu limatenga nthawi kuti lizolowere izi, ndipo masabata oyamba mudzakumba zinyalala zambiri. Palibe njira yachidule pamenepo.

Tsopano dothi. Kufiira kwa dothi nthawi zambiri kumachokera ku ayironi. Si dothi lofiira lililonse lomwe limavutitsa makina, koma lomwe lili ndi magnetite kapena maghemite limavutitsa kwambiri, poti limakokedwa ndi maginito. Mungayese nokha: tengani dothi louma la pamalopo, mulipere, muyendetsemo maginito amphamvu. Akatuluka atamatirira timchenga takuda tambiri, dziwani kuti muli ndi ntchito. Chizindikiro chochokera ku dothi lotero chimatha kuposa kutalitali cha batani lomwe lili pa masentimita 15, ndipo makina akapanda kuchichotsa, batanilo simulimva.

Ntchito yochotsa chizindikiro cha dothi imatchedwa ground balance, ndipo apa ndi pomwe makina a analogi amagawikana pawiri. Ena anaikidwiratu ku fakitale pa mlingo umodzi, ndipo inu mulibe pokhudza. Ena ali ndi nobu yoti musinthe nokha. Oikidwiratuwo ndi osavuta ndipo amachita bwino pa dothi lofatsa, lakuda kapena lamchenga woyera. Pa dothi lanu, ine sindingakulangizeni kugula makina opanda nobu ya ground balance, ngakhale atapepuka chotani. Mlingo wa ku fakitale ukasemphana ndi dothi, chimodzi mwa ziwiri chimachitika: makina amalira paliponse pomwe koyilo yatsika kapena kukwera, makamaka m'mizere ndi m'maenje, kapena amakhala chete mwaulemu uku akudumpha zinthu zomwe akanazimva. Chachiwirichi ndiye choopsa, poti simudziwa n'komwe kuti mukutaya kanthu.

Nobu yomwe mukufuna ndi yozungulira kangapo, osati ya theka la mzungulo. Ya makina otchedwa Tesoro Vaquero, mwachitsanzo, imazungulira katatu ndi magawo atatu a anayi, zomwe zimalola kusintha pang'onopang'ono. Mufunsenso ngati nobuyo imagwira ntchito pa mbali zonse ziwiri za makina, ya All Metal yomwe imalira pa chitsulo chilichonse, ndi ya Disc yomwe imasankha. Pali makina omwe nobuyo imasintha All Metal yokha, Disc n'kukhalabe pa mlingo wa ku fakitale, pomwe osaka zamakedzana amathera nthawi yawo yambiri mu Disc. Ogulitsa ambiri sadziwa kusiyana kumeneku, ndiye funani buku la malangizo a makinawo muwerenge nokha.

Kachitidwe kake ndi aka. Ikani makina pa All Metal, mukweze nobu ya threshold mpaka mumve kang'ung'udza kakang'ono kosalekeza. Pezani malo opanda chitsulo, zomwe pa bwinja la misomali zingakutengereni kanthawi, ndipo ndi bwino kupita m'mphepete mwa malowo pomwe dothi ndi lomwelo. Kwezani koyilo masentimita pafupifupi 30, muitsitse mpaka masentimita awiri kapena atatu kuchokera pansi, mukwezenso, mobwerezabwereza. Kulira kukamakula koyilo ikamatsika, potokolani nobu kumanzere pang'ono. Kukamazima potsika n'kukula pokwera, potokolani kumanja. Mukafika pomwe kang'ung'udzako sikakusintha, mwakwanitsa. Ambiri amasiya nobu itapendekera pang'ono kwambiri kumbali yomwe kulira kumakula potsika, ndipo n'zabwino, koma musapitirize, chifukwa pa makina ena kupendeketsa kwambiri kumachititsa kuti makobidi akuluakulu a siliva asamveke mu Disc. Mubwereze ntchitoyi mukasintha munda, dothi likasintha mtundu, mukasintha koyilo, komanso patapita mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu kuchokera pomwe mwayatsa, poti makina a analogi amasunthako pang'ono akamatenthedwa ndi dzuwa.

Chachiwiri choyang'ana ndi nobu ya discrimination, yomwe imauza makina zoti asalire nazo. Anthu ambiri amafunsa kuti imakana zinyalala zochuluka bwanji. Wosaka zamakedzana afunse kuti imatsika mpaka pati. Mabatani, zomangira malamba, zipolopolo za mtovu, timabelu ndi tizidutswa ta mkuwa wopyapyala zimagwera m'dera lomwelo lomwe mumagwera timapepala ta aluminiyamu ndi zotsegulira zitini. Mukakweza nobu kuti mukane zinyalalazo, mwakananso zomwe mwadzera. Komanso zina mwa zamakedzana zabwino ndi za ayironi: maloko, makiyi, nkhwangwa, mipeni, zida za akavalo. Choncho mukufuna makina omwe nobu ikakhala pansi penipeni amalira ngakhale pa msomali, kuti inu musankhe nokha pomwe kulira kwa msomali kuyambe kuduka. Pali makina ena omwe ngakhale nobu ili pa zero amakana kale ayironi wamng'ono. Amenewo ndi a osaka makobidi m'mapaki.

Poika mlingo, tolani msomali wadzimbiri wa pamalo pomwepo, wa kukula komwe kwachuluka, muuike pansi. Yendetsani koyilo pamwamba pake uku mukukweza nobu pang'onopang'ono mpaka kulira kuyambe kuthethereka, osati kuzimiratu. Siyani pomwepo. Kuthetherekako n'kothandiza, kumakuuzani pomwe misomali yachuluka, ndipo pomwe pachuluka misomali ndi pomwe panali nyumba. Mukamva kulira kwabwino, mutha kupotokola nobuyo ndi chala chachikulu uku mukuyendetsabe koyilo, n'kuona pomwe kulirako kukuzimira. Kukazima msanga ndi chinthu chopyapyala kapena chaching'ono, kukalimbikira mpaka kumapeto ndi mkuwa wochindikala, siliva, kapena chitsulo chachikulu chadzimbiri. Musaiwale kubweza nobu pamalo ake mukatha. Anthu ambiri amayenda theka la munda nobu ili kumwamba.

Chitsulo chachikulu chadzimbiri ndiye mdani wa makina a analogi, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti mudzachikumba. Mphete ya ayironi, chidutswa cha mphika kapena cha pulawo, chotsekera botolo chadzimbiri, zonsezi zimatha kulira bwino ngati kobidi. Pali njira zochepetsera. Kwezani koyilo masentimita 15 kapena 20 muyendetsenso: kobidi kapena batani limazima, chitsulo chachikulu chimalirabe. Sinthirani ku All Metal muone kukula kwa dera lomwe likulira, poti batani limalira pakadera kakang'ono pomwe chidutswa cha pulawo chimalira pa dera loposa koyilo. Ndipo ngati pomwe pakulira mu Disc pakusiyana ndi pomwe pakulira kwambiri mu All Metal, kawirikawiri ndi nsonga ya msomali waukulu yomwe ikukunamizani.

Za frequency, yomwe ndi liwiro lomwe mphamvu ya koyilo imagundira, loyezedwa mu kHz, sindichulutsa. Makina otsika, a 4 mpaka 7 kHz, amakonda zinthu zazikulu ndi za siliva kapena mkuwa wochindikala, ndipo dothi siliwasokoneza kwambiri. Okwera, a 14 mpaka 19 kHz, amamva bwino mtovu, mabatani ndi tinthu tating'ono topyapyala, koma amamvanso kwambiri dothi ndi miyala ya ayironi. Pa zomwe inu mukusaka, pakati pa 10 ndi 15 kHz ndi pabwino. Okwera kwambiri monga Fisher Gold Bug 2, ya 71 kHz, anapangidwira timibulu ta golide, ndipo pa bwinja adzakutopetsani ndi kachidutswa kalikonse ka waya.

Koyilo ndi yomwe anthu amaiganizira pomaliza, pomwe pa malo a misomali ndi yofunika kuposa dzina la makina. Koyilo yaikulu imafika pansi kwambiri pa munda woyera, koma pa bwinja imaphimba zinthu zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, ndipo msomali umodzi wokanidwa umatha kubisa batani lomwe lili pambali pake. Koyilo yaing'ono, ya masentimita 13 mpaka 15, imalowa pakati pa misomali n'kuona chimodzichimodzi. Mumataya kuya pang'ono, koma pa bwinja zambiri zomwe zatsala sizinatsale chifukwa chokhala zakuya, zinatsala chifukwa chobisika ndi ayironi. Ndipo koyilo yaing'ono imaona dothi lochepa, kotero dothi lofiira limaivutitsa pang'ono.

Pali mitundu iwiri ya kakulungidwe. Ya concentric ili ndi mawaya ozungulira, wina mkati mwa mnzake, ndipo dera lomwe imamva limacheperachepera likamapita pansi. Imasiyanitsa bwino misomali ndi zotsekera mabotolo, imalozanso bwino pokumba, koma muyenera kubwereza theka la pomwe mwadutsa kale pa kuyendetsa kulikonse, apo ayi zakuya zimatsala pakati. Ya DD ili ndi mawaya awiri olowerana pakati, ndipo imamva pa kamzere kopyapyala kochokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Imapirira bwino dothi la ayironi, koma imanamizidwa msanga ndi zitsulo zadzimbiri zathyathyathya. Kwa inu ndinganene kuti concentric yaing'ono ikhale ya pakati pa bwinja, ndipo DD ya masentimita 20 mpaka 25 ikhale ya m'minda yozungulira. Ngati ndalama zikulola imodzi yokha poyamba, tengani yaing'ono. Chigongono chanunso chidzayamika.

Tafika pa kulemera. Nambala yomwe imalembedwa pa bokosi ndi theka chabe la nkhani. Nyamulani njerwa pafupi ndi chifuwa, kenako muinyamule mkono mutautambasula, mudzamva kusiyana ngakhale njerwa ndi yomweyo. Koyilo ili kumapeto kwa ndodo yotalika kuposa mita, ndiye magalamu 100 owonjezera kumeneko amavutitsa mkono kuposa magalamu 300 omwe ali pansi pa chigongono. Makina a kilogalamu 1.3 omwe mabatire ake ali kumbuyo, pansi pa chogwirira mkono, amatha kumveka opepuka kuposa a kilogalamu 1.1 omwe kulemera konse kuli kutsogolo. Poyesa, ikani chala pansi pa chogwirira dzanja muone momwe akupendekera. Akagwera kutsogolo mwamphamvu, dzanja lanu lidzakhala likulimbana nawo tsiku lonse.

Musanagule chilichonse, yesani kukonza omwe muli nawowo, poti ululu wa chigongono nthawi zambiri umachokera ku kagwiridwe. Fupikitsani ndodo mpaka koyilo izikhala pafupifupi phazi limodzi kutsogolo kwa zala za kumapazi, mkono uli wolendewera mwachibadwa, osati wotambasukira kutsogolo. Chogwirira mkono chikhale masentimita awiri kapena atatu pansi pa chigongono, ndipo lamba wake mumange kuti zala zisamafinye chogwirira. Yendetsani ndi phewa ndi chiuno, dzanja likhale lowongoka. Musathamange: masekondi awiri kuchoka mbali ina kufika inzake ndi okwanira, ndipo pa misomali muchepetsenso. Pali malamba apathupi okhala ndi chingwe chotanuka chomwe chimanyamula kulemera kwa makina, ndipo amathandiza kwambiri. Koma ngati ululuwo ukupitirira masabata angapo ngakhale mutapuma, kapena zala zikuchita dzanzi, kapena mukulephera kugwira kapu mwamphamvu, pitani kuchipatala. Minyewa ya pachigongono ikatupa chifukwa cha ntchito yobwerezabwereza imachedwa kuchira, ndipo makina opepuka okha sangaichiritse.

Nanga makina ake ndi ati? Dzina lomwe mudzalimve kwambiri ndi Tesoro, kampani ya ku Prescott m'chigawo cha Arizona ku America, yomwe inayambitsidwa ndi Jack Gifford mu 1980. Vaquero yawo imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, imayenda pa 14 kHz ndi pang'ono, imagwiritsa ntchito batire limodzi la 9V, ndipo ili ndi nobu ya ground balance. Pa zonse zomwe mwalemba, imeneyi ndi yomwe ndingayambe kufunafuna. Cibola ndi mbale wake wofanana naye kulemera, koma ground balance yake ndi ya ku fakitale, choncho pa dothi lanu ndingaidumphe. Chimodzimodzi Silver uMax ndi Compadre. Compadre, ya nobu imodzi, ndi yodabwitsa pakati pa misomali, koma koyilo yake ndi yomangiriridwa, sisinthika, ndipo dothi loipa limaifooketsa. Tejon imayenda pa 17 kHz ndi pang'ono, ili ndi manobu awiri a discrimination omwe mumasinthana ndi kachala, imanyamula mabatire 8 a AA pansi pa mkono, ndipo imalemera pafupifupi kilogalamu 1.3. Ndi yamphamvu pa munda wotseguka, koma imadziwika ndi kukonda zitsulo zadzimbiri zakuya, ndipo pa dothi la ayironi wambiri imavuta kuikhazika mtima pansi.

Vuto ndi lakuti Tesoro inasiya kupanga makina cha m'ma 2018, ndipo chitsimikizo chawo chokonza makina kwa moyo wonse chinathera pomwepo. White's, kampani ina yakale ya ku Oregon yomwe inali ndi makina abwino a manobu, inatsekanso mu 2020. Fisher 1266-X yakale ndi yakuya ndithu, koma ndi yolemera kupitirira kilogalamu imodzi ndi theka ndipo imalira kwambiri pa ayironi, si ya chigongono chanu. Ku Ulaya kuli makampani omwe adziwika ndi makina a manobu, monga C.Scope ya ku England, Golden Mask ndi Deeptech a ku Bulgaria, komanso XP ya ku France ndi Gold Maxx Power yake ya 18 kHz. Ena mwa makina a ku Ulayawa ali ndi chinthu chomwe ma Tesoro ambiri alibe: ayironi amalira ndi liwu lotsika, zina ndi liwu lokwera, ndipo pali nobu yochepetsera phokoso la ayironiyo. Pa bwinja zimenezi ndi zothandiza kwabasi. Ngati mungapeze atsopano okhala ndi chitsimikizo komanso kokonzetsa, ziikeni pa sikelo mozama, chifukwa makina opanda kokonzetsa ndi anu mpaka tsiku lomwe afe.

Mukamagula ogwiritsidwa kale ntchito, musalipire musanawayatse. Tsegulani malo a mabatire muone ngati muli zoyera kapena zobiriwira za batire lomwe linatayikira, poti zimenezo zimadya mawaya mpaka mkati. Yatsani, muike threshold, mumvetsere kwa mphindi zisanu makina ali phee, kutali ndi mawaya a magetsi ndi foni: kang'ung'udza kakhale kokhazikika. Potokolani nobu iliyonse pang'onopang'ono kuchoka kumapeto kufika kumapeto. Kukhwekhwereza kochepa ndi fumbi, ndipo mankhwala opopera oyeretsera zamagetsi amathetsa, koma kulira kukamaduka pamalo ena nobuyo yatha. Gwedezani chingwe cha koyilo pomwe chikulowa m'koyilo ndi pomwe chikulumikizana ndi bokosi. Makina akalira, waya wathyoka mkati, ndipo limeneli ndi vuto lofala kuposa onse. Gogodani koyilo ndi chala. Ikalira pa kugogoda kulikonse, mawaya a mkati amasuka kapena munalowa madzi, ndipo koyilo yotero sikonzeka. Chotsani chivundikiro cha pansi pa koyilo muone ming'alu, muyang'anenso makutu awiri omwe bawuti imadutsamo, chifukwa amang'aluka anthu akamanga mopitirira. Bawutiyo ikhale yapulasitiki. Ndipo dziwani kuti makoyilo a Tesoro ali m'mabanja awiri osalowana: a mapini anayi a Vaquero, Cibola ndi Tejon, ndi a mapini asanu a banja la uMax. Werengani mapini musanagule koyilo yachiwiri.

Mukawapeza, chingwe muchikulunge molimba pa ndodo, koma musiye kodekha pang'ono pafupi ndi koyilo kuti ipendekeke momasuka. Chingwe cholendewera chimachititsa kulira kwabodza kumapeto kwa kuyendetsa kulikonse. Mabokosi a makinawa salimbana ndi mvula, koyilo yokha ndiyo ingalowe m'madzi, ndiye yendani ndi kathumba kapulasitiki. Gwiritsani ntchito mahedifoni, chifukwa ubwino wonse wa analogi uli m'kulira, ndipo batire limakhalitsanso. Mabatire ena a 9V otchajitsa ndi USB ali ndi kadera ka magetsi mkati komwe kamabweretsa phokoso m'makina, ndiye ngati threshold yayamba kunjenjemera, bwererani ku batire wamba musanaganize kuti makina afa. Mukamasunga kwa nthawi yaitali, chotsani mabatire. Dothi la pansi pa chivundikiro cha koyilo muzilichotsa kawirikawiri, makamaka lofiiralo, poti likaunjikana makina amaliona ngati chitsulo choyenda nawo.

Musakhulupirire kuyesa kwa m'mwamba, kuja kodutsitsa kobidi kutsogolo kwa koyilo, poti mulibe dothi. Kumbani timaenje pa dothi lanu lenileni, mukwirire batani pa masentimita 10, lina pa 15, lina pa 20, ndi lina pa 10 pambali pa msomali. Pamenepo ndi pomwe mudzaphunzire makina anu. Nobu ya sensitivity, yomwe imaonjezera kumva kwa makina, muikweze mpaka makina ayambe kubwebweta, kenako muibweze pang'ono. Pa dothi loipa kuikweza mpaka kumapeto kumachepetsa zomwe mumva. Chinthu cha kukula ngati kobidi pa masentimita 15 mpaka 20 ndi mlingo wabwino pa makina otere, ndipo pa dothi la ayironi wambiri mlingowo umatsika. Wogulitsa akakuuzani za mamita angapo, kapena akakuonetsani chida cha timilongoti chomwe akuti chimaloza golide patali, sungani ndalama zanu.

Pali malire omwe analogi singadumphe. Ngati mwapotokola nobu ya ground balance mpaka kumapeto koma kulira sikukhazikika, kapena batani la pa masentimita 10 silikumveka, dothi lanu laposa makina a VLF a frequency imodzi. Pamenepo mufunika a mtundu wina wotchedwa pulse induction, omwe dothi siliwavutitsa kwambiri koma sasiyanitsa bwino misomali, kapena amakono a ma frequency ambiri nthawi imodzi. Dziwaninso kuti kupepuka si kwa analogi yokha masiku ano, XP Deus ya digito sifika kilogalamu imodzi. Ngati pali gulu la osaka kapena wogulitsa wodziwa ntchito yemwe angakuloleni kuyesa makina awiri kapena atatu pa dothi lanu musanagule, pitaniko ndi thumba la dothilo ndi misomali yake.

Nkhani ya malamulo musaitenge mopepuka, poti mabwinja ndi malo omwe malamulo amateteza kwambiri. Chilolezo cha mwini malo ndi choyamba, koma sichokwanira paliponse. M'maiko ambiri zinthu zamakedzana za pansi ndi za boma, ndipo kukumba popanda chilolezo ndi mlandu. Ku England ndi Wales lamulo la Treasure Act la 1996 limafuna kuti zopezeka zomwe zikugwera m'gulu la chuma zinenedwe pasanathe masiku 14, ndipo kusaka pa malo otetezedwa n'koletsedwa. Ku America kusaka m'mapaki a boma lalikulu n'koletsedwa, ndipo lamulo la 1979 loteteza zamakedzana lili ndi zilango zowawa. Ku Ireland kusaka zamakedzana ndi ditekita kumafuna chilolezo cholembedwa cha boma. Funsani ku ofesi yoona za zinthu zakale kapena ku myuziyamu ya dziko lanu musanakumbe. Mukapeza zinthu zambiri pamalo amodzi, mbiya yathunthu, kapena mafupa, lekani kukumba, kwirirani, lembani malowo, muitane akatswiri, ndipo pa mafupa a munthu muuze apolisi. Pa malo omwe panachitika nkhondo, chitsulo chooneka ngati bomba, chipolopolo chachikulu kapena chitini chomata musachigwedeze kapena kuchigogoda. M'minda ya ku France ndi Belgium mabomba a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 akutulukabe mpaka lero ndipo ena amaphulika. Ikani chizindikiro patali, chokanipo, muuze apolisi.

Zomwe mwaloledwa kusunga musazikweche ndi waya kapena kuziviika mu asidi. Mkuwa ndi mtovu muzisiye ziume, kenako muchotse dothi ndi kamtengo kosongoka ndi burashi yofewa, chifukwa kubiriwira kwa pamwamba nthawi zambiri ndi komwe kwasunga zolemba ndi zojambula. Za ayironi zimayamba kusweka zikatuluka m'nthaka, ndiye muziumitse bwino n'kuziika m'chotengera chotseka pamodzi ndi timapaketi tokoka chinyezi. Chilichonse chikhale m'kathumba kake, polembedwa tsiku, malo ndi kuya komwe chinapezeka, ndipo chomwe simukuchizindikira muchionetse ku myuziyamu musanachiyeretse.